ZA PAKHOMO PATHU: Tisanagule Ampulifaya

 Mwezi watha pa tsamba lino tidakambirana za kasungidwe ka chimanga kuti anankafumbwe asatilande thukuta lathu. Mwezi uno tichoka kunkhokwe, tiloŵe m'chipinda chochezera, pakuti makalata angapo amene talandira akufunsa chinthu chimodzi. Mnyamata wapakhomo, kapena mwana amene akugwira ntchito ku Blantyre kaya ku Johannesburg, akunena kuti wailesi ya banja yachepa mphamvu ndipo pafunika kugula ampulifaya. Makolo akumva dzinalo koma sakudziŵa chimene ndalama yawo ikukagula. Akuopa kukana pachabe, akuopanso kuvomera m'chimbulimbuli.

Ena adzati nkhani yotereyi ndi ya eni masitolo, si ya magazini ya mabanja. Ife tikuti ndi ya pabanja ndithu, chifukwa ikukhudza zinthu zitatu zimene kholo lililonse liyenera kuzisamala: ndalama ya banja, makutu a ana, ndi mtendere wa anansi. Mu November 2023 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo katundu wochokera kunja adakwera mtengo koopsa. Pafupifupi ampulifaya iliyonse imene mungaione m'sitolo ya ku Zomba kapena ku Limbe ndi yochokera kunja. Munthu akaphonya pogula, kuphonyako kumadya fizi ya mwana kapena thumba la feteleza.

Kukonda nyimbo m'nyumba sikudayambe lero. Ife amene tapitirira zaka makumi asanu tidakula tikuona amalume obwera ku Theba kapena ku Bulawayo atasenza gumbagumba ya Supersonic, mudzi wonse n'kusonkhana pabwalo kudzamvera mbale. M'nyumba zambiri mudali wailesi ya Nzeru yopangidwa ku Blantyre, yomvererapo MBC imene idayamba mu 1964, ndipo mabatire akafooka ankaanikidwa padzuŵa. Pambuyo pake padabwera kaseti, kenaka CD, ndipo lero nyimbo zikwizikwi zikukhala m'foni kapena m'kafulashi kochepa ngati chala. Magwero a nyimbo asintha kangapo, koma pakati pa gwero ndi khutu pakadali chida chokuza mawu, ndipo ndicho tikufuna kuchimvetsa bwino.

Kodi ampulifaya imagwira ntchito yanji?

Zoimbira za m'nyumba, zikhale m'bokosi limodzi kapena m'mabokosi angapo, zili ndi magawo anayi. Loyamba ndi gwero la nyimbo: foni, wailesi, kaseti kapena CD. Gweroli limatulutsa timagetsi tofooka, tosakwanira kugwedeza sipika. Lachiŵiri ndi gawo losankhira gwero ndi lokwezera kapena kutsitsira voliyumu, limene amisiri amalitcha preamp. Lachitatu ndi gawo lopereka mphamvu, lotchedwa power amp. Lachinayi ndi masipika, ndipo pano sitikunena Sipika wa Nyumba ya Malamulo imene inkakumana kuno ku Zomba mpaka 1994, koma mabokosi aja otulutsa mawu.

Ntchito ya gawo lachitatu ikufanana ndi ya nyakwaŵa pabwalo la milandu. Mfumu imalankhula motsitsa, nyakwaŵa n'kubwereza mokweza kuti wakumbuyo amve. Nyakwaŵa wabwino saonjezapo lake ndipo sachotsapo la mfumu. Momwemonso ampulifaya yabwino sikometsa nyimbo yojambulidwa moipa. Imangokuza chimene yalandira. Ndiponso mphamvuyo siipanga yokha. Imaitenga ku magetsi a pakhoma kapena ku batire, n'kuiumba motsata timagetsi ta gwero. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti tiigwiritsa ntchito posachedwa. Kale ntchitoyi inkagwiridwa ndi mavalavu agalasi otentha, ochokera ku luso la Lee de Forest la mu 1906. Thiransisita itatulukiridwa ku Bell Laboratories, ku America, mu 1947, zida zidayamba kuchepa msinkhu ndi mtengo womwe.

Tsono apa pali msampha woyamba. M'masitolo muli mitundu iŵiri ya ampulifaya. Ina ndi yophatikiza, yokhala ndi gawo lachiŵiri ndi lachitatu m'bokosi limodzi. Imeneyi ili ndi voliyumu ndi zosankhira, ndipo zambiri za masiku ano zimalandiranso nyimbo za pafoni kudzera pa Bluetooth. Inayo ndi power amp yokha, imene kaŵirikaŵiri ilibe chosankhira, ndipo nthaŵi zina ilibe ngakhale voliyumu. Yachiŵiriyi imafuna kudyetsedwa ndi preamp, kapena ndi wailesi imene kumbuyo kwake kuli timabowo tolembedwa kuti pre out. Musanachoke pakhomo, tembenuzani wailesi yanu muŵerenge. Ngati timabowoti palibe, power amp simungailumikize moyenera, ndipo mnyamata akayesa kutenga mawaya opita ku masipika n'kuwaloŵetsa polandirira nyimbo pa ampulifaya yatsopano, akhoza kutentha chimodzi mwa zida ziŵirizo. Nawo masabuwufa ofala m'misikaŵa, a bokosi limodzi lalikulu ndi timasipika tiŵiri, ali kale ndi ampulifaya yawo m'kati ndipo sadapangidwe kuti aonjezedwe ina. Kwa mabanja ambiri, yophatikiza ija ndiyo yoyenera.

Pezani kaye pamene pakudwala

Dokotala wanzeru sapereka mankhwala asanapime. Dandaulo loti wailesi ilibe mphamvu kaŵirikaŵiri silichokera ku ampulifaya, ndipo pali zinthu zinayi zimene banja lingazipime popanda kutaya tambala.

Choyamba ndi nyimbo zenizenizo. Zambiri zojambulitsa pa fulashi kumsika, kapena zotumizirana pa WhatsApp, zidafinyidwa kuti zichepe, ndipo zina zidajambulidwa mokweza mopitirira mpaka mawu kusweka. Ampulifaya yodula idzangokuza kusweka komweko. Chachiŵiri ndi mawaya. Wofiira apite pofiira, wakuda pakuda, pa masipika onse aŵiri. Mukatembenuza pa sipika imodzi, ina ikamakankha mpweya inzake imakoka, ndipo besi imazimirira ngakhale mukweze chotani.

Chachitatu ndi malo. Luso la stereo, limene Alan Blumlein wa ku England adalilembetsa mu 1931, limafuna kuti khutu lamanzere ndi lamanja lilandire mawu kuchokera ku mbali ziŵiri zosiyana. Masipika ounjikidwa pamodzi pamwamba pa kabati amapha luso lonselo. Atalikirane mamita aŵiri, womvera akhalenso mamita aŵiri kapena atatu kuchokera pa iliyonse, ndipo akhale pa msinkhu wa makutu a munthu wokhala pampando. Chachinayi ndi chipinda. Nyumba ya malata yopanda siling'i, ya simenti pansi ndi makoma osalala, imabweza mawu ngati phanga. Mkeka kapena kapeti pansi, makatani pa mazenera ndi shelefu ya mabuku pakhoma zimameza kubwezako, ndipo mawu a oimba amayamba kumveka bwino.

Zinayizi zikakonzedwa koma nyimbo n'kumamvekabe moipa, ganizirani masipika musanaganizire ampulifaya. Pa zida zonse, sipika ndiyo imasintha kamvekedwe ka nyimbo koposa, ndipo sipika yong'ambika kapena yodyedwa ndi mphemvu palibe ampulifaya imene ingaichize.

Masamu a mawati

Tiyeni tsopano tiloŵe m'kalasi pang'ono, ndipo musaope, masamu ake ndi a Sitandade 6. Kukula kwa mawu kumayezedwa m'madesibelo. Anthu aŵiri akamacheza bwinobwino, mawu awo amakhala pafupifupi madesibelo 60. Kumbuyo kwa sipika yabwino, kapena m'kabuku kake, mumalembedwa nambala yonga 88 dB. Tanthauzo lake n'lakuti sipikayo ikapatsidwa wati imodzi yokha, munthu woima mita imodzi kutsogolo kwake amamva madesibelo 88. Taonani kuti wati imodzi yapitirira kale macheza a anthu ndi patali.

Lamulo lake ndi ili: mukaŵirikiza mawati kaŵiri, mumangoonjeza madesibelo atatu. Pa sipika yathu ija, wati imodzi ipereka 88, mawati 2 apereka 91, mawati 4 apereka 94, mawati 8 apereka 97, mawati 16 apereka 100, mawati 32 apereka 103, ndipo mawati 64 apereka 106. Kusiyana kwa madesibelo atatu khutu limakumva, koma n'kochepa. Kuti munthu anene kuti mawu akula kaŵiri, pamafunika kuonjeza madesibelo pafupifupi 10, ndipo kutero kumafuna kuŵirikiza mawati kakhumi. Chotero amene asiya ampulifaya ya mawati 50 nagula ya 100 wagula madesibelo atatu okha. Akafuna phokoso loŵirikiza kaŵiri, afunika ya mawati 500. Onaninso kuti sipika ya 91 dB yodyetsedwa mawati 25 imamveka mofanana ndi ya 88 dB yodyetsedwa mawati 50. Sipika yomva msanga ili ngati ng'ombe yosafuna chikwapu.

Wina angafunse kuti, nanga ngati zili choncho, bwanji osagula ya mawati aŵiri okha? Chifukwa chake n'chakuti nyimbo siyenda mofanana ngati msewu wa m'chigwa. Ng'oma ikagundidwa, kapena kwaya yonse ikakwera pamodzi, kwa kamphindi pamafunika mphamvu yoŵirikiza kakhumi kapena kuposa. Ampulifaya iyenera kukhala ndi nkhokwe ya nthaŵi zoterezi. M'chipinda chochezera cha mamita anayi m'lifupi ndi asanu m'litali, mawati enieni 30 kufikira 60 pa sipika iliyonse ndi okwanira, otsala alipo. Ampulifaya ya NAD 3020, imene idatuluka mu 1978 ndipo ili m'gulu la zogulidwa kwambiri m'mbiri ya zida zimenezi, idali ya mawati 20 okha mbali iliyonse. Mawati mazanamazana ndi a m'holo, m'tchalitchi chachikulu kapena pa ukwati wa panja, pamene mawu amachepa ndi madesibelo 6 nthaŵi iliyonse mtunda ukaŵirikiza kaŵiri.

Chikomekome cha pa katoni

Makolo athu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa makatoni ambiri mudzaona nambala zikuluzikulu zofiira, 3000 W kapena 5000 W, ndipo pambali pake timalemba ting'onoting'ono toti PMPO. Muyeso umenewu ulibe lamulo louyang'anira. Wopanga aliyense amalemba mmene wafunira. Nambala yodalirika ndi yolembedwa kuti RMS kapena continuous, kutanthauza mphamvu imene chidacho chingapereke kosalekeza, ndipo iyenera kunena kuti ndi pa sipika iliyonse, ya ma ohm angati. Chinyengochi n'chakale. Ku America chidafika poti mu 1974 boma lidaika lamulo lokakamiza ogulitsa kulemba mphamvu yosalekezayo.

Kumbukirani mfundo ija tidati muisunge: ampulifaya siipanga mphamvu, imangoitenga pakhoma. Choncho siingapereke kosalekeza zoposa zimene yalandira. Tembenuzani chidacho, mupeze kachizindikiro ka pafupi ndi chingwe cha magetsi, pamene pamalembedwa mawati amene chimadya. Ngati chimadya mawati 40, zikwi zitatu zija zichokera kuti? Ngakhale fyuzi imaulula. Fyuzi ya theka la ampeya, pa mavoliti 230, imalola mawati 115 okha. Mwana wa pulaimale akhoza kuchita masamu ameneŵa pa kauntala, wogulitsa ali pomwepo.

Ampulifaya ndi sipika zigwirizane

Kumbuyo kwa sipika kumalembedwanso nambala ina: 4, 6 kapena 8 ohms. Nambala imeneyi ikachepa, sipika imakoka magetsi ochuluka kuchokera ku ampulifaya, monga mmene mpopi waukulu umakokera madzi ambiri m'thanki. Nayo ampulifaya imalembedwa nambala yotsikitsa imene ingapirire. Ngati yalembedwa 8, musaipatse sipika ya 4, chifukwa idzatentha thupi, n'kumadzizimitsa yokha, kapena kupsa kumene.

Apa ndi pamene anyamata athu amagwa kaŵirikaŵiri, pofuna kuti sipika ina imveke pakhonde, ina kukhitchini. Masipika aŵiri a ma ohm 8 olumikizidwa pa malo amodzi amasanduka 4. Atatu amatsikira pansi pa 3. Aŵiri a ma ohm 4 amasanduka 2, ndipo maampulifaya a m'nyumba opirira zimenezi ndi oŵerengeka. Nawo mawaya akhale a kopa, onenepa bwino ngati a nyale ya patebulo. A mtengo wapatali safunika, koma timawaya totolera tolumikizalumikiza timadya mphamvu panjira, ndipo nsonga ziŵiri zikakhudzana ampulifaya imapsa nthaŵi yomweyo.

Chodabwitsa n'chakuti ampulifaya yaing'ono nayonso imaononga masipika. Mukaikakamiza kupitirira malire ake, imadula nsonga za mawu, nyimbo n'kuyamba kumveka mwaukali ndi mosasa, ngati munthu wofuula pakhosi pamuuma. Mawu odukaŵa amatumiza mphamvu yochuluka ku kasipika kakang'ono ka mawu a pamwamba, kotchedwa twita, ndipo kawaya kake kosalimba kamapsa. Chizindikiro chake khutu limachimva: nyimbo ikayamba kusasa, tsitsani msanga. Kukweza besi mpaka kumapeto nakonso kumadya mphamvu yambiri ndipo kumafulumizitsa vuto lomweli. Posankha, onani kuti mawati a ampulifaya ali m'kati mwa malire amene wopanga sipika adalemba.

Magetsi athu

Magetsi a ESCOM ndi a mavoliti 230. Zida zakale zochokera ku Japan zimafuna mavoliti 100, ndipo za ku America 120. Mukaloŵetsa chotere pakhoma popanda thiransifoma yotsitsa, chidzangotulutsa utsi kamodzi basi. Ŵerengani kachizindikiro ka kumbuyo musanapereke ndalama. Zochokera ku South Africa mavoliti ake ndi ofanana ndi athu, koma pulagi yake ndi ya mano obulungira pamene yathu ndi ya mano atatu amakona. Sinthitsani pulagi kwa mmisiri. Kuloŵetsa mawaya osavala mu soketi ndi kuitana moto, makamaka m'nyumba muli ana okwaŵa.

Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Tonse tikukumbuka mdima umene udagwa mu January 2022, namondwe wa Ana ataononga Kapichira n'kutichotsera pafupifupi mamegawati 130. Choopsa kwa ampulifaya si kuzima kwa magetsi koma kubwera kwake, pakuti nthaŵi zina amabwera molumpha. Akazima, zimitsani pa soketi. Akabwera, dikirani mphindi zingapo. Kachida koteteza, konga kaja timaika pa fuliji, n'kotsika mtengo poyerekeza ndi ampulifaya, ndipo kaŵerengeredwe pamodzi pa bajeti. Ife a m'mbali mwa phiri la Zomba timadziŵa ziphaliwali za dzinja. Kukayamba kugunda, zulani pulagi, pakuti kuzimitsa pa batani lokha sikuteteza. Chifunga ndi chinyezi cha kuno zimachititsanso dzimbiri, choncho chidacho chisakhale pansi kapena pafupi ndi zenera. Chisafundikidwenso ndi nsalu yoluka ija amayi amakonda kukongoletsera, chifukwa timabowo ta pamwamba ndi topumira. Poyatsa, ampulifaya ikhale yomaliza; pozimitsa, ikhale yoyamba, kuti masipika asalandire kugunda kwadzidzidzi.

Kwa amene amadalira sola, mtundu wa ampulifaya ndi nkhani yaikulu. Ya mtundu wakale, wotchedwa Class AB, imataya pafupifupi theka la mphamvu kapena kuposa ngati kutentha. Ya mtundu wa Class D imafikitsa ku sipika pafupifupi magawo asanu ndi anayi mwa khumi, sitentha kwambiri, ndipo ndi yopepuka, kotero musaiweruze ndi kulemera kwake monga tinkachitira ndi zakale. Nawa masamu ena. Chida chodya mawati 60 pa batire la mavoliti 12 chimakoka maampeya 5. Chikaimba maola anayi chadya 20 Ah. Batire wamba la 100 Ah siliyenera kutsika kupitirira theka, ndiye kuti zogwiritsa ntchito ndi 50 zokha. Nyimbo za madzulo amodzi zatenga pafupifupi theka la zimenezo, ndipo nyale yoŵerengera ana ndiyo idzayamba kufooka.

Tsiku logula

Safunsa adadya phula. Pitani aŵiri, kholo ndi mnyamata, pakuti wina akudziŵa zida, wina akudziŵa thumba. Tengani nyimbo zimene mumazidziŵa bwino. Ogulitsa amakonda kuika nyimbo ya besi yogwedeza chifuŵa, chifukwa besi imabisa zilema. Inu ikani nyimbo ya kwaya kapena ya amayi a Mvano, mumve ngati mawu anayi aja akumveka paderapadera, ndiponso ngati mawu a nyimboyo mukuwamva limodzi ndi limodzi. Ikaninso gitala ya Daniel Kachamba kapena banjo ya Allan Namoko, mumve ngati nsambo zikulira monga nsambo. Mverani motsitsa, monga mudzamverera kunyumba, osati mokweza pokha.

Ampulifaya yogwiritsidwapo kale ntchito ikhoza kukhala yabwino kuposa yatsopano yachinyengo, koma ipimidwe. Iimbe kwa theka la ola muli pomwepo. Mverani sipika yamanzere payokha, kenaka yamanja. Imitsani nyimbo mumve ngati pali kung'ung'udza. Potozani voliyumu mumve ngati ikukhekhereza. Nunkhizani pa timabowo. Fungo la chopsa silinama. Ngati n'kotheka, mmisiri wokonza mawailesi amene mumamkhulupirira atsegule, aone ngati muli zotupa kapena zodontha, ndipo anene ngati zipangizo zake zimapezeka kuno. Chida chimene sichingakonzedwe ku Zomba kapena ku Blantyre n'chodula, ngakhale muchigule motchipa.

Funsani lisiti yolembedwa dzina la chidacho, nambala yake, ndi miyezi imene wogulitsa akulonjeza kuchikonza kapena kuchisintha. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, koma popanda lisiti mlandu wanu ulibe miyendo. Chenjeraninso ndi chida chodula chogulitsidwa mtengo wa nkhuku ndi munthu wothamanga. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, ndipo pali banja lina limene likulira chidacho. Za ndalama tingonena mwachidule: ampulifaya siibala. Siyenera kugulidwa ndi katapila, kapena ndi ngongole ya ku banki m'khonde imene amayi adatengera geni. Igulidwe fizi italipidwa ndipo chimanga chili m'nyumba.

Makutu a ana ndi mtendere wa anansi

Tafika pa chachikulu koposa. M'kati mwa khutu lililonse muli timaselo tonga tsitsi, pafupifupi 15,000, timene timasandutsa kugwedezeka kwa mpweya kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limatipha pang'onopang'ono, ndipo tikafa sitimeranso. Bungwe la World Health Organization limanena kuti munthu wamkulu angamvere madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata popanda choopsa, ndipo kwa ana limalangiza madesibelo 75. Mukaonjeza madesibelo atatu, nthaŵiyo imadulidwa pakati: pa 83 ndi maola 20, pa 86 ndi maola 10, pa 89 ndi maola 5, ndipo pa 98 sikwana mphindi 40 pa sabata yonse. Bwererani ku masamu athu aja muone kuti mawati 8 okha amafikitsa mwana woseŵera pafupi ndi sipika pa madesibelo 97. Bungwe lomweli likuti achinyamata oposa 1 biliyoni pa dziko lonse ali pa ngozi yoonongeka makutu chifukwa cha kamveredwe kawo ka nyimbo.

Aphunzitsi timamdziŵa mwana wotere. Amakhala chete m'kalasi, amayang'ana pakamwa pa mphunzitsi, amayankha zosiyana ndi funso, ndipo ambiri amamuyesa wamwano kapena wosamva zophunzira. Zoyambitsa vutoli n'zambiri, monga mafinya a m'khutu ndi matenda ena, ndipo mwana wotere apite kuchipatala akapimidwe. Koma phokoso la m'nyumba ndi choyambitsa chimene kholo lingachiletse ndi zala ziŵiri. Muyeso wapafupi ndi uwu: ngati mufunika kufuula kuti munthu amene mungamkhudze ndi dzanja akumveni, mwapitirira. Makutu akamalira nyimbo itatha, achenjeza kale.

Besi siidziŵa malire a puloti. Mawu a pansi amadutsa makoma ndi malata mosavuta kuposa a pamwamba, kotero chimene kwa inu ndi nyimbo, kwa mnansi ndi kugunda kopanda mawu. Kuseri kwa khoma lanu kukhoza kukhala mwana wa Sitandade 8 amene akukonzekera mayeso a MANEB, bungwe limene likulu lake lili konkuno ku Zomba, kapena wophunzira wa pa University of Malawi wochita lendi monga achitira ambiri ku Chikanda, kapena namwino wochokera ku ntchito ya usiku, kapena agogo odwala. Makolo athu ankazimitsa gumbagumba m'mudzi mukagwa maliro popanda wowauza. Mwambo umenewo usathe chifukwa chakuti zida zakula. Ndipo nyimbo ya uzimu yoimbidwa mogonthetsa pakati pa usiku imasautsa mnansi mofanana ndi ya kumoŵa. Tsiku loyamba chidacho chikafika, wina atuluke panja, atseke chitseko, akaime pa malire, ndipo pamene wayamba kumva kugunda muikepo kachizindikiro pa voliyumu. Banja lonse ligwirizane za malire ameneŵa ndi za ola lozimitsira.

Kwa inu achinyamata tikuti, chidwi chanu pa zida zimenezi n'chabwino, ndipo ena mwa inu mudzadya nacho. Koma wodziŵa zenizeni amaoneka pa kuŵerenga kumbuyo kwa chida, osati pa nambala ya pa katoni. Kwa inu makolo anzathu tikuti, musakane musanamve, ndipo musavomere musanafunse mafunso asanu aŵa: Kodi malo, mawaya ndi masipika tapima? Kodi chidzalumikizika ndi zimene tili nazo? Mawati ake a RMS ndi angati, pa ma ohm angati? Kodi magetsi athu chidzawapirira? Nanga ndalamayo ikuchoka pa chiyani? Mnyamata amene angayankhe onse asanu mwamupeza wothandiza pakhomo, ndipo mpatseni udindo wosamala chidacho.

Mwezi wa maŵa, Mulungu akalola, tidzakamba za mabatire a sola: kagulidwe, kasamalidwe, ndi chifukwa chake ambiri amafa chaka chisanathe. Pitirizani kutilembera. Tsalani bwino.